Dzina la Kumapeto kwa Uthenga

MUTU 9

1. Injini ya aDaka

Wendy Njobvu anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo pa boma la Petauke panalibe wachinyamata womuposa pa kompyuta. Iye ankazidziwa zimenezi. Munthu akadziwa kuti ndi wochenjera makutu amayamba kuchepa, ndipo a Wendy anali atachepa kale ndithu.

Atamaliza giredi 12 anapeza ntchito ku Tisamalane, kabungwe ka zaumoyo kamene kanali ndi chipinda chimodzi kuseri kwa msika. Anthu ake anali owerengeka. Panali nesi, sisita Karen. Panali Davies, woyendetsa njinga yamoto yokhala ndi kabedi m'mbali. Ndiye panali aDaka, mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito, amene anamuphunzitsa Wendy zonse zimene ankanyadira.

Ntchito yawo inali iyi. M'midzi yakutali, kuyambira ku Kaumbwe mpaka kumalire a Nyimba, munali anthu odzipereka oyendera odwala. Akapeza wodwala ankatumiza uthenga pa foni: dzina, nambala ya khadi, ndi chilembo chimodzi. M ankatanthauza kuti munthu akufuna mankhwala ake a mwezi ndi mwezi, palibe changu. Z ankatanthauza zoopsa. Z akafika kompyuta inkalira, sisita Karen ankanyamula chikwama cha jekeseni, Davies n'kuliza njinga.

Chimene chinkawerenga mauthengawo kanali kapulogalamu kamene aDaka analemba okha. Ankakatcha injini ya rejekisi.

"Dzina lisakuopse," anamuuza Wendy tsiku loyamba. "Rejekisi ni chikombole chabe, monga cha njelwa. Chathu taumba motele: dzina, manambala anai, chilembo chimodzi. Injini iyenda nacho mu uthenga, kuyesa apa, kuyesa apo. Pamene mau alowa bwino mu chikombole, ndiye kuti yapeza munthu. Ikamupeza siima. Ipitiliza kufuna wina mpaka uthenga usile."

Kumapeto kwa Januwale maso a aDaka anafika poipa. Anaitanidwa ku Chipata kukachotsa ng'ala, ndipo anati akakhala kwa mwana wawo milungu itatu. Tsiku lonyamuka anamukhazika Wendy pansi.

"Mwana wanga, mvela bwino. Mutu uli nao, ndiye chifukwa nakulembela kalata ya koleji ku Lusaka. Akuluakulu a bungwe adzasaina nikabwela. Koma injini iyi usaigwile ine kulibe. Ukaona pofunika kukonza, konza pa kope lake loyeselapo, osati pa iyi imene igwila nchito. Ndipo ukayesa, usayese na mauthenga olemba iwe. Iwe ulemba monga buku. Anthu athu salemba monga buku. Tenga mauthenga enieni a kumudzi, a amai amene alemba ataimilila pa chulu kufuna netiweki, mvula ikuwamenya, tokotaimu ya mu foni ili pafupi kusila. Tinawaphunzitsa kuti dzina limodzi, uthenga umodzi. Onse anavomela, anaomba na m'manja. Uganiza achita? Ine n'nakulila pakati pao, niwadziwa. Kumbuka kuti kuseli kwa nambala iliyonse kuli munthu wagona pa mphasa."

"Namva, bambo," anatero Wendy, maso ali pa kompyuta.

2. Bolodi la m'kati

Injiniyo inali ndi chilema chimodzi: inkachedwa. Uthenga ukatalika inkabwerera kukayesa pamene yayesa kale, kawiri, katatu, kakhumi, ngati munthu wofuna singano m'nyumba amene amaiwala pomwe wasesa. Kompyuta yake inali yakale, yoyendera sola. Nthawi zina inkaima kaye ngati ikuganiza za kwawo.

Wendy ankanyansidwa nazo. Patangopita masiku anayi aDaka atachoka, anatsegula injini.

Nzeru yake inali yabwino, tisamunamizire. Anaipangira injini kabolodi ka m'kati. Pa sitepe iliyonse imene yayesa, injini inkachongapo. Ikafika pa sitepe yochongedwa inkadumpha, osataya nthawi. Uthenga watsopano ukabwera, bolodi linkafufutidwa kuti liyambe loyera.

Anayesa ndithu. Analemba mauthenga makumi awiri, aliwonse dzina limodzi, nambala, chilembo, zaukhondo ngati za m'buku. Onse anadutsa mwa kanthawi kochepa. Mauthenga enieni a kumudzi anali pomwepo m'kompyuta, zikwizikwi, koma iye anawaona ngati osalongosoka, ochedwetsa munthu.

Lachisanu la mlungu womwewo anachotsa injini yakale n'kuika yake.

"Lelo makina athamanga," anatero sisita Karen. "Wawapatsa chiyani?"

"Nawachotsa ulesi chabe, sisita."

Anaseka onse. Madzulo amenewo Wendy anapita kwawo akuyenda ngati kalata ya ku Lusaka ili kale m'thumba.

3. Lachitatu m'mawa

Panapita masiku khumi ndi awiri. Mvula inagwa masiku atatu osalekeza, dzuwa osaoneka. Lachitatu m'mawa sisita Karen anaima patsogolo pa mndandanda wa odwala atagwira m'chiuno.

"Wendy, ni Febuluwale uno, malungo ali pachimake. Chaka chatha mwezi uno Davies sanali kukhala pansi. Lomba maina achepa. Anthu aleka kudwala?"

"Kapena ni netiweki, sisita. Niyang'ane."

Anatsegula mauthenga monga anafikira, injini isanawagwire. Wachitatu kuchokera pamwamba unali wa amai Luisa, wodzipereka wa m'mudzi wa kwa Mtalika, mbali ya ku Kaumbwe. Unafika dzulo lake, faifi koloko madzulo.

Sitefano 4417 M
Aaron 3902 M
Bwezani 5120 Z

Wendy anayang'ana pa mndandanda wa anthu amene injini inapeza. Panali Sitefano yekha. Aaron panalibe. Bwezani panalibe. Anafufuza khadi 5120, ndipo kompyuta inayankha kuti ndi mwana wamwamuna wa zaka zitatu.

Wotchi ya pakhoma inkati naini koloko.

"Waona chiyani?" anafunsa sisita Karen.

Apa ndi pamene panali mphambano. Mawu ofunika anali ochepa, oti ngakhale mwana wa giredi wani akanawanena: pali Z wa dzulo. Davies anali pakhonde pomwepo akukukuta chimanga chootcha, njinga itadzaza mafuta. Koma Wendy anaona kalata ya koleji, anaona nkhope ya aDaka.

"Palibe, sisita. Nikali kuyang'ana."

Sisita Karen anatuluka kukayeza ana sikelo pakhonde. Wendy anati ayambe wakonza, zina zidzaoneka.

Anatenga uthenga wa amai Luisa n'kuuyendetsa mu injini pang'onopang'ono, sitepe imodzi imodzi. Injini inapeza Sitefano bwinobwino. Kenako inayambanso kufufuza, ndipo pomwepo inatseka uthenga. Anabwereza kachiwiri, kachitatu, mpaka anaona pamene pagona nkhani.

Injini ikapeza dzina n'kuyamba kufuna lina, inkawerenga masitepe ake kuyambiranso pa wani. Koma bolodi linali lisanafufutidwe, chifukwa uthenga unali womwewo. Ndiye pa sitepe yoyamba penipeni inkapeza chochonga chakale, n'kuganiza kuti apa yayesa kale. Inkaleka kufuna n'kutumiza yankho la masiku onse: Talandira uthenga wanu. Aliyense wolembedwa pansi pa dzina loyamba ankamezedwa.

Mankhwala ake anali mzere umodzi: dzina likapezeka, fufuta bolodi. Wendy anaulemba. Ulendo uno anayesa ndi mauthenga enieni makumi asanu, pa kope, monga anauzidwira poyamba paja. Maina onse anatuluka. Kunena zoona, mawu a akulu amakoma akagonera, koma awa anamuwawa.

Nthawi inali itadutsa pang'ono teni koloko. Injini inali itachira.

4. Batani limodzi

Chinatsala n'chakuti injini yokonzedwayo inkawerenga mauthenga atsopano okha. Kuti akale aonekere, Wendy ankayenera kudina batani lowabwereza onse. Pa kope paja anali ataona kale zimene zidzatuluke. Maina ambiri omezedwa anali a M. Koma Z analipo atatu: awiri a mlungu watha, wachitatu Bwezani. Akadina, kompyuta idzalira katatu, ndipo pa mndandanda padzaoneka masiku akale. Sisita Karen sanali munthu wopusa.

Wendy analemba maina atatuwo pa kapepala n'kukaika m'thumba. Batani sanadine.

Anadziuza kuti uthengawo ndi wa dzulo, makolo a mwanayo sangakhale akudikirabe, ayenera kuti anapita kale okha kuchipatala. Anadziuza kuti mwina amai Luisa anasokoneza chilembo. Munthu wofuna kubisala sasowa tchire. Anasesa m'chipinda. Anapukuta kompyuta. Anakathandiza sisita Karen kulemba makadi a sikelo, ndipo amai ena anamuyamikira kuti ndi mtsikana waulemu.

Pakhonde Davies anamaliza chimanga chake n'kuyamba kutsuka njinga, akuimba mluzu.

Masana atakwana, minibasi inatsitsa aDaka pamsika. Analowa akufufuza njira ndi ndodo, diso limodzi litamatidwa thonje, linalo likutuluka misozi.

"Mwachoma bwanji muno? Wendy, uli kuti? Bwela pafupi, nikuona ngati mthunzi."

Wendy anawapatsa mpando. Anafunsa za ulendo, za mwana wawo, za mvula ya ku Chipata. Za injini sanatchule.

"Adokota akuti mwezi wathunthu nisayang'ane kompyuta," anatero aDaka. "Ine n'nawauza kuti palibe vuto, nili na mwana kunyumba. Kuyambila lelo maso anga ndiwe. Chimene uona, naona. Ukati kuli bwino, ine nigona tulo. Lomba niuze, anthu athu onse ali bwino?"

Wendy anatsegula pakamwa, koma bodza linakana kutuluka. Kunamiza munthu woona n'kwina. Uyu anali atakhala pamaso pake ndi thonje pa diso, akumwetulira kolakwika, chakukhoma.

Anatembenuka n'kudina batani.

Kompyuta inalira katatu. Sisita Karen analowa akuthamanga, anawerenga, n'kuwerenganso.

"Uyu ni wa mailo, Lachiwili madzulo. Mwana wa zaka zitatu. Chifukwa chiyani alila lelo?"

"N'nasintha injini," anatero Wendy. "Inali kutenga dzina loyamba chabe. Nakonza."

Sisita Karen sanataye nthawi ndi mafunso. Anaimba foni ya amai Luisa, inali yozima. Anaitana Davies n'kuyamba kuponya jekeseni m'chikwama. ADaka anatembenukira kwa Wendy, manja onse pa ndodo.

"Uthenga wa mwanayu wauona nthawi yanji?"

"Naini, bambo."

"Lomba ni nthawi yanji? Ine siniona wochi."

"Hafu thwelofu."

ADaka sanakweze mawu, ndipo zimenezo n'zimene zinapweteka kwambiri.

"Kulakwa pa injini si mlandu, Wendy. Ine nalakwapo kambili. Chaka choyamba injini yanga inameza maina a mudzi wathunthu, n'napalasa njinga mpaka ku Kalindawalo kukapepesa khomo na khomo. Mzele umene unaiwala, aliyense angauiwale. Ngakhale kusamvela kwako nikanakukhululukila, ubwana uli choncho. Koma maola atatu na hafu awa sanakudyele ni kompyuta. Wadya wekha. Unayamba kuchiza makina chifukwa makina safunsa mafunso, munthu wamusiya pa mphasa. Mvela, wokonza injini ali na nchito ziwili. Ina ni kutseka dzenje. Ina ni kusuzumila m'dzenjemo kuona amene agwela kale. Yachiwiliyi ndiyo iyamba, nthawi zonse, olo manyazi akugwile bwanji. Zengelezu analinda kwaukwau. Nyamuka, pita nao. Odwala awili enawo nitsala nikuyesa mafoni. Ukaone na maso ako chimene chili kuseli kwa nambala."

5. Masamba pa msewu

Sisita Karen anakhala m'kabedi atakumbatira chikwama. Wendy anakwera kumbuyo kwa Davies. Atasiya tala, msewu unasanduka phala. Chimanga chinali chitatalika mbali zonse, thonje likuyamba maluwa, ndipo mvula inkawaza pang'onopang'ono. Kawiri anatsika kukankha. Pa kamtsinje kena madzi anafika m'maondo, nawoloka atagwirana.

Anayenda maola awiri. Wendy ankawerengera mumtima osafuna: naini ndi awiri ndi leveni.

Atayandikira mudzi wa kwa Mtalika, Davies anachepetsa liwiro. Pamsewu panali patayalidwa nthambi zamasamba aziwisi. Anazimitsa njinga n'kuvula chipewa.

Pansi pa mtengo wa mango panakhala amuna, mitu ili pansi. M'nyumba ina yofolera udzu munkamveka kulira kwa amai. Pakhoma la nyumbayo panatsamira njinga yakapalasa yodzaza matope, chitenje chikadali chomangidwa pa kaliyala.

Mai wina wamtali, wovala sikipa ya Tisamalane, anadzuka pakhomo n'kubwera kudzawachingamira. Anali amai Luisa. Anabwera m'dziko muno ali kamtsikana, atathawa nkhondo ku Mozambique ndi makolo awo, ndipo anakulira pomwepa n'kukwatiwa pomwepa. Zaka zisanu ndi chimodzi anayendera odwala a m'mudzimo osalandira kanthu.

Anawatengera kuseri kwa nkhokwe, kumene anthu sangamve.

"Mwabwela, sisita. Mwana wapita."

"Nthawi yanji?"

"Cha m'ma thwelofu."

Anafotokoza mwakachetechete, ngati munthu amene wanena kale nkhaniyo kambirimbiri mumtima. Bwezani anayamba kutentha Lolemba. Dzulo masana anakomoka, maso kutembenuka. Amai Luisa anakwera pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi, pamene pamagwira netiweki, natumiza uthenga. Yankho linabwera lakuti talandira.

"N'nathamanga kukauza amake, Mercy. N'nati usamunyamule, mtsinje wadzala, ndipo anatiphunzitsa kuti mwana wokomoka asagwedezeke pa njinga. N'nati a boma alandila, abwela na jekeseni. Foni inazima madzulo omwewo, sola ilibe dzuwa masiku atatu. Tinachezela kumvetsela msewu. M'mawa atate ake anafuna kunyamuka, ine n'nawaletsa. N'nati dikilani pang'ono, sanatinamizepo. Pa leveni anakana kunimvela, anamanga mai na mwana pa njinga. Anafika pa mtsinje paja mwaoloka. Pamenepo Mercy anamva kuti kumsana kwapepuka mosiyana."

Sisita Karen anatsitsa chikwama chake pansi. Jekeseni zinali momwemo, zosatsegula.

6. Naini koloko

Amai Luisa anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako anatulutsa foni yozima ija ndi kabuku ka odwala, n'kuzipereka kwa sisita Karen ndi manja awiri.

"Tengani. Nchito iyi yanikanika. Mlandu ni wanga, naudziwa. Munatiuza kuti dzina limodzi, uthenga umodzi. Ine n'naika atatu, tokotaimu inatsala ya uthenga umodzi chabe. Kale n'nali kuchita choncho, munali kubwela, ndiye n'nazolowela. Ndipo mwana n'namuika kumapeto. Mwina kumeneko munaona dzina la pamwamba, munati ni nkhalamba ya mankhwala, palibe changu."

"Amai," anayamba sisita Karen.

"Lekani nisilize. ASitefano ni apongozi anga. AAaron ni akulu a mpingo. Kwathu mwana satsogola akulu, olo posamba m'manja, olo pa njila, olo pa pepala. Sin'naganize n'komwe, chala chinalemba chokha. Nikanalemba bwanji kamwana pamwamba pa apongozi? Ulemu wanga wapha mwana wa eni. Abale a Mercy akamba kale kuti ndine n'nawatsekeleza. Akuti a ku Mozambique sitimva za pepala. Maliro akasila aniitanila pabwalo, ndipo sinidzakana."

Wendy anaima pambali, mvula ikumutsikira m'khosi. M'mudzi monsemo munalibe munthu wodziwa kuti injini n'chiyani. Bolodi losafufuta palibe akanalifunsa. Mlandu unali utapeza kale mwini, ndipo mwiniyo anali ataulandira ndi manja awiri. Sisita Karen anamuyang'ana kamodzi kokha n'kuyang'ana kumbali.

Wendy anachita mantha kuposa m'mawa muja. Koma anali atakhalapo kale chete kamodzi tsiku limenelo, ndipo mtengo wake unali utagona m'nyumba yofolera udzuyo.

Anagwada m'matope.

"Amai, ine ndine Wendy. Ndine nisunga makina olandila mauthenga. Simunalakwe. ADaka anapanga makina kuti awelenge maina onse, atatu, asanu, olo khumi, chifukwa adziwa mmene mulembela. Ndine n'nawasintha popanda chilolezo. N'naiwala mzele umodzi, ndiye anayamba kutenga dzina la pamwamba chabe. Munalemba bwino. Dzina la Bwezani linafika. Ndine n'nalitaya."

Amai Luisa anamuyang'ana mwachifundo.

"Makina aonongeka, mwana wanga. Na chigayo chionongeka. Sunadziwe."

Khomo lothawira linali limenelo, lotseguka bwinobwino, ndipo anamutsegulira ndi munthu yemwe iye anamulakwira. Wendy anagwira kapepala ka m'thumba kaja. Kanali katanyowa.

"N'nadziwa, amai. Uthenga wanu nauona lelo m'mawa. N'naopa kukamba. Nakamba masana."

"M'mawa nthawi yanji?"

"Naini."

Amai Luisa anayang'ana kumsewu kumene Davies anaima ndi njinga. Milomo yawo inkayenda, akuwerenga maola. Atatha anabweza maso kwa Wendy, ndipo chifundo chija chinali chitachoka.

"Pa naini anatsitsimuka," anatero. "Anapempha madzi. N'namumwetsa ine na sipuni, n'namuuza kuti njinga ibwela."

Wendy analira. Palibe anamugwira paphewa.

Amai Luisa anatenganso foni ndi kabuku m'manja mwa sisita Karen n'kuziika m'chitenje. Kenako anamugwira Wendy pamkono, osati mwankhanza, koma mogwira moti sakanapulumuka.

"Nyamuka. Mau awa si anga. Ali na mwini wake."

Anadutsa pabwalo. Amuna a pansi pa mango anadzutsa mitu mmodzi mmodzi, ndipo bambo wake wa mwanayo, wa matope mpaka m'chiuno, anaimirira n'kuwatsatira. Pakhomo Wendy anavula nsapato. M'nyumba munali mdima ndi fungo la utsi wonyowa. Pakati pa amai panali kamtolo kakang'ono kokutidwa chitenje chatsopano, kotalika pang'ono chabe kuposa mkono wa munthu wamkulu atautambasula.

Kulira kunachepa, kenako kunatha. Mai wamng'ono amene anakhala kumutu kwa kamtoloko anadzutsa nkhope. Sanali wamkulu kwenikweni kuposa Wendy.

"Mercy," anatero amai Luisa, "mtsikana uyu wachoka ku boma. Akuuze yekha kumene dzina la mwana wako linagona."

Kumbuyo kwa Wendy, bambo wamatope uja anaima pakhomo n'kutseka kuwala konse.